Mtengo Wosadziwika Mayi Wake

Padangokhala, kale lija mitengo ili ndi eni ake ndipo nyama zikukhala pabwalo kuweruza milandu, m'dziko la Mfumukazi Nchefu. Nchefu ameneyu ndi uja analowa ufumu wa malume ake chaka cha dzombe lofiira, osati mng'ono wake wa nyanga imodzi amene analamulira pambuyo pake. Ambiri amawasokoneza awiriwa.

M'dzikomo mtundu uliwonse wa mtengo unali ndi mbumba yake. Mipefu yonse inali ya a Pusi, mikuyu yonse inali ya a Nyani, ndipo mtengo ukakhala wako, nthaka ya mumthunzi mwake inalinso yako. Lamulo linali losavuta, pakuti mtengo, monga mwana, unkatsata mayi wake.

Koma pakati pa mudzi ndi manda panali mtengo umodzi umene unasowetsa bwalo mtendere. Masamba ake anali ang'onoang'ono ndi okhakhala ngati lilime la ng'ombe, ndipo luzi lake linali lakuti ukamangira denga, udzu umaola koma mfundo zili chigwirire. A Pusi ankati ndi mpefu wopinimbira. A Nyani ankati ndi mkuyu umene unakana kubala. Mlandu unayamba nthawi ya malume a mfumukazi, ndipo popeza unali usanagamulidwe, mbumba zonse ziwiri zinaletsedwa kusendako luzi kapena kuthyolako nthambi. Eni mudzi ankangoutchula kuti mtengo wa timasamba.

Kwa a Pusi kunali mkamwini, dzina lake Gologolo. Iye anakwatira Nangondo, mlongo wake wa Pusi wamkulu, mwini mbumba, ndipo anabereka mwana mmodzi wamkazi, Mwandida. Nangondo ankakonda kusinja pansi pa mtengo wa timasamba, Gologolo ali panthambi, ndipo awiriwo anali ndi nyimbo yawo ya anthu awiri. Woyambitsa ankafunsa kamtengo kuti mayi wake ndani ndipo kwawo ndi kuti. Wovomera ankayankha kuti kasiye kufunsafunsa, pakuti pamene wamera ndi pomwe pali kwanu. Gologolo ndiye ankayambitsa, Nangondo ankavomera, munsi ukugunda mumtondo pamene mawu ake akutsika.

Nangondo anamwalira nyengo ya mphepo ya mwera, chaka chimene chitsime cha kumadzulo chinaphwa. Pamene Gologolo anapita kukaona dzenje, anapeza khasu la Mfuko, mkulu wa adzukulu okumba manda, litagunda muzu waukulu kumutu kwake. Mfuko sanaudule, anaulambalala. Gologolo anatola kakhungwa ka muzuwo kamene kanathothoka, anakanunkhiza, ndipo analidziwa fungo lake.

Maliro atatha, Pusi anamuitana kuseri kwa nkhokwe.

"Alamu, mwatitumikira. Nkhokwe munaluka, denga munafolera. Mowa wa m'meto ukamwedwa tikusudzulani. Tikupatsani nkhwangwa yanu ndi mkeka wanu, muone njira ya kwanu."

"Nanga Mwandida?"

"Tambala wobwereka akamabwerera satenga anapiye, alamu. Mwana ndi wa kuno."

Gologolo anaomba m'manja mwaulemu, pakuti mwambo unalidi wotero. Koma kwawo kunali kutali, ndipo amene akanamulandira anali atatha. Zonse zimene anali nazo padziko zinali ziwiri: mulu wa dothi kumanda ndi mwana amene ankayenda ngati mayi wake, akuponda ndi zala. Anakakwera panthambi yake yakale nayamba nyimbo ija. Atafika pofunika kuvomera anadikira, ndipo mpatawo unangokhala chete. Ali chidikirire, maso ake anagwera pakhungwa la mtengowo, ndipo nzeru inamufikira.

Tsiku lotsatana ndi mowa wa m'meto, kunapezeka kuti mtengo wa timasamba wasendedwa luzi mbali ziwiri. Mzere umodzi wa luzilo unali pakhola la a Pusi, wina unali pakhonde la a Nyani. Dzuwa lisanakwere, mbumba zonse zinali pabwalo, iyi ikuloza iyo. Mfumukazi Nchefu, amene sankakonda phokoso, anamvetsera akubzikula pang'onopang'ono, kenako anati mtengowo ukufunika mlonda. A Pusi anatchula mphwawo, a Nyani anakana. A Nyani anatchula msuweni wawo, a Pusi anaseka. Aliyense wa m'dzikomo anapezeka kuti ali ndi chibale ndi mbali ina, kaya cha magazi, kaya cha ukwati.

Pa nthawi yomweyo Gologolo anatulukira, mkeka uli pamutu, nkhwangwa ili paphewa. Anagwada chapatali napepesa chifukwa chodula mlandu wa akuluakulu. Anati wangobwera kudzatsanzika, popeza a Pusi amusudzula dzulo ndipo tsopano si wa aliyense.

Mfumukazi anasiya kubzikula.

"Mwati si inu wa aliyense?"

"Zikomo, mayi wa dziko. Ngakhale galu wa m'mudzi muno ali ndi abale kuposa ine."

"Tulani mkekawo. Mudzalondera mtengo uja mpaka mlandu utagamulidwa."

A Nyani anavomera msanga, chifukwa ankaganiza kuti munthu wosudzulidwa sangakondere omupitikitsa. Pusi naye anavomera monyinyirika, popeza iye mwini ndiye anali atamudula chibale pamaso pa onse. Anangoyang'ana mano a mlamu wake, ndipo anaona kaluzi katatsalira pakati pa awiri apatsogolo.

Motero Gologolo anamanga chisa pamphanda ya mtengowo. Kuchokera pamenepo ankaona manda mbali iyi ndi khomo la Mwandida mbali inayo. Mawu a mfumukazi anawasunga bwino: mpaka mlandu utagamulidwa. Ndiye kuti ntchito yake yeniyeni inali yakuti mlanduwo usagamulidwe.

Pusi naye anawasunga mawu omwewo. Mlandu umene unagona nthawi yonse ya malume a mfumukazi, iye anaudzutsa mwezi usanathe, ndipo anapempha kuti mtengo uweruzidwe ndi masamba ake. Analetsanso Mwandida kuvomera nyimbo ya atate ake, nati ndi nyimbo ya wakufa.

Mayeso oyamba anachitika masika. Bwalo lonse linasamukira pansi pa mtengo, ndipo linapeza mlonda akuimba. Anafunsa kamtengo za mayi wake, nasiya mpata. Akuluakulu ena anayang'ana pansi. Popeza eni mlandu sankaloledwa kukhudza mtengo, mfumukazi analamula kuti mlonda athyole tsamba la mbali iliyonse. Gologolo, amene anali atakhala m'nthambizo kuposa aliyense, ankadziwa kuti mtengowo subala masamba ofanana. Anakwera kunsonga kumene dzuwa limaomba, nathyola tsamba lowonda, losongoka, la mano m'mphepete, napatsa Pusi. Kenako anatsikira kutsinde, pa mphukira ya mumthunzi, nathyola tsamba lotambalala, lozungulira, napatsa Nyani.

Pusi anaika lake pambali pa tsamba la mpefu, ndipo a mbumba yake analuluta. Nyani anaika lake pambali pa tsamba la mkuyu, ndipo a mbumba yake anayamba kuvina. Pamene mbali zonse zinazindikira kuti zikukondwerera chinthu chimodzi, zinaima.

Nyani anati la kunsonga ndi tsamba lanjala, lofota ndi dzuwa, ndipo mtengo umadziwika ndi masamba a ubwana wake. Pusi anayankha kuti ngati ndi choncho, ndiye kuti Nyani nayenso aziweruzidwa ndi nkhope imene anali nayo ali kumsana, ndipo bwalo silikanamuzindikira, popeza akuti nthawi imeneyo anali wooneka bwino. Nyani anati wokhala ndi nkhope yakuda ngati mphika asamayambe nkhani za nkhope. Mfumukazi anafunsa mlonda ngati masamba onse awiri anachokera mumtengo womwewo.

"Mwaona nokha, mayi wa dziko. Ine ndangothyola chimene mtengo wandipatsa."

Nchefu anatafuna tsamba loyamba, anatafuna lachiwiri, ndipo anati kukoma kwake ndi kumodzi. Mlandu anauimika mpaka chilimwe.

Mayeso achiwiri anawapempha ndi Nyani. Iye anati mkuyu uliwonse ukatemedwa umalira utomoni woyera ngati mkaka, ndipo mpefu sutero, atemepo, aone. Pusi anavomera mosavuta. Gologolo ndiye anada nkhawa, chifukwa anali ataluma khungwalo tsiku la luzi lija, ndipo ankadziwa kuti mulibe mkaka. Tsikulo likanafika mtengo uli momwemo, a Nyani akanagonja, ndipo mkeka wake ukanabwerera pamutu.

Anatenga chigoba cha nkhono, napita kumkuyu wina wa kuthengo, natapa utomoni. Atabwerera anaboola kachiboo pansi pa khungwa, mbali ya kum'mawa, nathiramo, natsekapo ndi phula, napakapo fumbi.

Bwalo linabweranso, ndipo linamupezanso akuimba, akufunsa funso lomwe lija ndi kusiya mpata womwe uja. Mwandida anali pakati pa akazi a mbumba yake. Milomo yake inagwedezeka, koma malume ake anamuyang'ana, ndipo anaitseka.

Mfumukazi analola kutema kuwiri kokha, kumodzi mbali iliyonse. Gologolo anati mtengowo sunachire bwino mabala a wakuba uja, choncho iye monga mlonda aloze malo oti sungafe nawo. Pusi anatema kumadzulo, ndipo munatuluka timadzi chabe, ngati thukuta. Nyani anatema kum'mawa, ndipo mkaka unayenderera pakhungwa mpaka pansi. Aliyense ankaloza bala lake ndi kukana kuyang'ana la mnzake.

Nchefu anayang'ana mabala onse awiri nthawi yaitali. Kenako ananena mofatsa kuti watopa. Anati malume ake anamwalira mlanduwu uli pakamwa, ndipo iye safuna kuusiyira mng'ono wake. Mvula yoyamba ikagwa mayi wa mtengowo asanadziwike, adzaugwetsa, luzi adzaligawa pakati, ndipo chitsa adzachitentha.

Anthu atabalalika, Pusi anatsalira. Anapaka chala pabala la kum'mawa, nanunkhiza.

"Alamu, mkuyu wanuwu ukununkha nkhono."

"Mwina mayi wake ndi nkhono, alamu. Mukauze bwalo."

"Sindiuza. Mvula ikubwera yokha. Mkeka uja musautaye."

Gologolo anakhala pamphanda pake, mchira uli pamphuno. Tsopano njira zonse zinali zotsekeka: mlandu ukagamulidwa achoka, ukapanda kugamulidwa mtengo ugwa ndipo achokabe. Anayang'ana kumanda. Pamenepo anakumbukira muzu umene Mfuko anaulambalala, ndi fungo la kakhungwa kaja. Anakumbukiranso kuti mpefu wa makolo a Pusi ndi mkuyu wa makolo a Nyani, mitengo iwiri imene aliyense ankati ndiyo mayi, yonse inali kutsidya kwa manda, wina kudzanja lamanja, wina kulamanzere.

Mitambo itayamba kusonkhana, iye mwini anapita kwa mfumukazi. Anati tsamba limasintha ndi dzuwa ndipo utomoni umasintha ndi mbali, koma muzu sunama. Mtengowo palibe anauonapo ukumera ndi mbewu, ndiye kuti unaphuka pamuzu wa unzake. Autsate muzuwo pansi, ndipo kumene ukathere ndi kumene kuli mayi. Mfumukazi anakondwera. Nyani anavomera. Pusi anamuyang'anitsitsa mlamu wake, akufunafuna pamene pali msampha, koma sanaupeze, ndipo naye anavomera.

Mayeso achitatu anachitika mwezi umene nyenje zimalira kwambiri. Gologolo anaimba nyimbo yake monga kale, koma tsikulo mpata anausiya wautali. Ntchito yokumba inaperekedwa kwa Mfuko ndi adzukulu ake, pakuti panalibe odziwa dothi kuposa iwo. Adzukulu ali ndi ufulu wonyoza aliyense, ngakhale pamaliro, ndipo Mfuko sanausiye kunyumba ufuluwo. Anati lero akukumba popanda nkhuku ya adzukulu, choncho amene ayambe kufa pakati pa Pusi ndi Nyani adzamukumbira losaya kuti afisi asavutike. Anamutcha Gologolo wamasiye wa mchira wa tsache, namufunsa ngati chisa chake chili ndi malo a mkazi wachiwiri. Gologolo anayankha kuti chilipo, bola asakhale mlongo wa Mfuko, chifukwa mkazi wosaona dzuwa angagwe panthambi.

Muzu unaoneka, wonenepa ngati mwendo wa mbawala. Adzukulu anautsata, khamu likuyenda pambuyo pawo. Sunapatukire kumanja kapena kumanzere. Unapita molunjika mpaka pamalire a manda, ndipo unalowa. Mfuko anaimika khasu, napukuta mphuno.

"Ulendo wathera pano. Kutsogoloku kuli eni ake."

Gologolo anapuma, pakuti apa ndi pamene anali kuyembekezera. Koma Pusi anayenda mpaka pamalirepo, naika diso pamzere wa muzu, naona kumene ukuloza. Anati muzuwo ukupita pamanda a Nangondo, ndipo Nangondo ndi mlongo wake. Manda ndi a mbumba yake, ndipo iye monga mwini mbumba akuloleza. Adzukulu akumbe; mafupa a mlongo wake awasunthe pang'ono, adzawabwezera.

Izi Gologolo sanaziganizire. M'maso mwake anaona mphasa imene anakulungamo Nangondo ikutuluka m'dothi, dzuwa likuomba pa iyo, khamu likusuzumira, ndipo zonsezo chifukwa cha nzeru zake. Anaona Mwandida atagwira pakamwa. Anafuna kufuula kuti iye ndiye anasenda luzi, iye ndiye anathira utomoni, amupatse mkeka wake azipita, koma mkaziyo amusiye agone. Mawuwo anafika pakhosi. Kenako anaona bango limene mmodzi wa adzukulu ananyamula mwa chizolowezi, lija amayezera wakufa asanakumbe, ndipo anawameza mawuwo.

Anatsika, nagwada pamaso pa Mfuko.

"A Mfuko, ine ndine mlendo, miyambo ya kuno sindinaimalize. Kodi khasu likalowa kumanda, dzenje limagona lopanda mwini?"

"Siligona. Tikakumba, timaika. Tikapanda kuika, dzenje limadzisankhira lokha, ndipo limakonda kuyamba ndi ana."

"Ndiye lero tiika yani?"

Mfuko anatenga bango lija, nayamba kumuzungulira Pusi, akumuyeza kuchokera kumutu mpaka kuchidendene. Anati mwambo umati woitanitsa khasu ndiye woyamba kufunsidwa, ndipo anadandaula kuti mchira wokhawo udzafuna dzenje lake lapadera. A Nyani anaseka mpaka kugwira nthiti. Pusi anakankha bangolo nati iye sakudwala.

"Musavutike, alamu," anatero Gologolo. "Ngati pakusowa woti aikidwe, ine ndilipo. Bango langa ndi lalifupi, ntchito ichepa. Mungondiyala pambali pa Nangondo."

Kuseka kunatha. Onse anamva kuti mawuwo sanali a chipongwe okha, ndipo Gologolo mwini sakanatha kunena kuti chinyengo chathera pati ndipo pempho layambira pati. Pusi anaona msampha umene anali kuufunafuna. Akalola, mkamwini amene anamusudzula adzagona m'manda a mbumba yake, pakati pa amayi ake ndi agogo ake, ndipo kumeneko kulibe kusudzula. Akakana, dzenje lidzafuna iye kapena mwana wa m'nyumba mwake. Anayang'ana Mwandida, amene anali mwana wa mlongo wake monga analili mwana wa Gologolo, ndipo ananena ndi mawu otsika kuti adzukulu asalowe kumanda, akwirire pamene akumba.

Mfumukazi Nchefu anagamula motere. Mtengo umene muzu wake wagwira akufa sungagwetsedwe, chifukwa ukafa udzawagwedeza. Khasu silidzautsatanso. Koma muzu umene walowa kumanda udzatuluka tsiku lina kutsidya, ndipo mphukira ya timasamba ikadzaoneka kumeneko, kaya kumbali ya mpefu kaya ya mkuyu, mtengo udzakhala wanena wokha mayi wake. Kufikira tsikulo, mlonda akhale.

Pusi anaomba m'manja, napempha chinthu chimodzi. Anati mlonda anaikidwa chifukwa si wa aliyense, ndipo mawuwo anatuluka pakamwa pa mlondayo mwini. Choncho akhaledi wopanda wake: asalowe m'nyumba ya mbumba iliyonse, asadye za m'mbale yawo, ndipo asatchule aliyense wa iwo kuti m'bale kapena mwana. Nchefu anabzikula nthawi yaitali, akufuna pokanira. Sanapapeze, chifukwa mawuwo analidi a Gologolo. Anavomera.

Mvula inagwa, mtengo uli chiimire. Gologolo anakhala, ndipo anaona zonse ali panthambi. Anaona Mwandida akuphunzira kusenza mtsuko wopanda kugwira. Anamva ng'oma za chinamwali chake. Anaona mnyamata wa kwa a Mbira akubwera ndi mkeka pamutu kudzakhala mkamwini, ndipo anamumvera chisoni. Mwandida akamadutsa pansi pa mtengo ankapereka moni kwa a mlonda, monga ankachitira aliyense. Akakweza maso, Gologolo ankazungulira kuseri kwa thunthu, kuti malume ake asapeze chomukalipira. Gologolo mpaka lero amatero ukamuyang'ana.

Chaka chilichonse mvula ikayamba, iye ankayendera malire a kutsidya kwa manda, akudumpha m'nthambi, maso ali pansi. Mphukira ya timasamba ikangotulutsa mutu, ankaidula ndi mano isanaonedwe. Zina zinkatulukira kumanja, zina kumanzere, ndipo iye sanasunge chiwerengero chake, chifukwa sanafune kudziwa. Nchefu wa dzombe lofiira anamwalira, wa nyanga imodzi analowa. Mfuko anakumbiridwa ndi adzukulu ake, ndipo anamukumbira lakuya. Pusi anakalamba, koma chaka ndi chaka ankafunsabe ngati wina waona mphukira.

Mano a Gologolo anatha. Chaka chimene njuchi zinalowa m'nkhokwe ya mfumu, mphukira ina inamera pakati pa miyala iwiri, chakufupi ndi mpefu wa makolo a Pusi. Pamene anaipeza inali itakhwima kale. Anailuma, anaikoka, anaipotokola, koma nkhama zake zinangotuluka magazi. Ndipo nyengoyo inali yolambula manda, pamene akazi a mbumba zonse amabwera ndi makasu.

Gologolo anabisala panthambi ya pafupi. Chigawo cha kumiyalako chinagwera Mwandida, amene tsopano anali mayi, mwana ali kumsana. Analambula mpaka khasu lake linafika pamphukirayo, ndipo anaima. Anawerama, nagwira tsamba, nalipukusa pakati pa zala. Iye anakulira mumthunzi wa masamba amenewo ndipo sakanawasokoneza ndi ena. Anaonanso zipsera za nkhama pakhungwa lake. Anayang'ana mpefu wa makolo ake, umene unali pafupi. Akanangokweza mawu, luzi lonse, mthunzi wonse ndi nthaka yake zikanakhala za mbumba yake, ndiye kuti za iye mwini ndi za mwana amene anali kumsanayo. Malume ake anali chapatali, atatsamira ndodo, akufunsa akazi ngati aona chilichonse.

"Nanga kwanuko, Mwandida?"

"Ndi zitsamba zokhazokha, malume."

Khasu linatsika kamodzi. Anatola mphukirayo pamodzi ndi udzu, naiponya pamulu wokatentha.

Pobwerera kumudzi anatsalira m'mbuyo. Atafika pansi pa mtengo wa timasamba anatula khasu, namasula nsalu kuti amange bwino mwana. Gologolo anali atafika kale pamphanda pake, akupuma movutikira. Anayamba nyimbo ija ndi mawu okalamba, ofanana ndi luzi lotha. Anafunsa kamtengo kuti mayi wake ndani ndipo kwawo ndi kuti, ndipo atafika pampata anadikira, monga anali kudikira zaka zonsezo.

Mwandida sanakweze maso, chifukwa lamulo linali likadalipo. Anagwedeza mwana kumsana ngati akumutonthoza, ndipo anavomera. Anatsitsa mawu pamalo pomwe mayi ake ankatsitsa, ndipo chifukwa panalibe munsi, anagunda pansi ndi chidendene. Anavomera kamodzi kokha. Kenako anamanga mfundo ya nsalu, ananyamula khasu, napita kwawo akuponda ndi zala.

Mtengo wa timasamba mayi wake sakudziwikabe, ndipo odziwa mitengo akakumana pansi pake amatsutsana mpaka lero. Muzu wa nthanoyi walowa pansi pamenepa. Amene ali ndi khasu aliimike.